BOTOLO LOPANDA MWINI: MBIRI YA ZINYALALA ZA PULASITIKI PA KAFUE

 Madzulo ano nkhani yathu iri ya zinthu ziwiri zazing'ono zimene munthu azipondaponda tsiku ndi tsiku osaziyang'ana, ndizo botolo lopanda kanthu ndi kathumba ka pulasitiki. Tidzaima pa Kafue pofotokoza mbiri yace, pakuti m'tauni imeneyo zonse zioneka pamodzi: njanji, mafakitale, mseu waukuru ndi mtsinje. Funso lathu liri limodzi lokha. Cakumwa cikatha, kodi botolo litsala la yani?

Tauni ya Kafue inabadwa ndi njanji. Pa caka ca 1906 anchito a kampani ya Pauling anatsiriza ulalo wa citsulo pa mtsinjewo, wa zigawo 13 ndi utali wa mamita 427, ndipo sitima yocokera ku Livingstone inaoloka niloza ku Broken Hill, kumene lero tichula Kabwe. Pa tsidya la kumpoto panamera siteshoni, masitolo owerengeka ndi nyumba za anchito a njanji. Ndiyo mbeu ya tauni. Mtsinjewo ucokera ku malire a Congo, nupitira pa Chililabombwe, Chingola ndi Kitwe, nuzungulira ku Itezhi-Tezhi, nufalikira m'madambo a ng'ombe. Kenaka ufika pa Kafue, nugwera m'phompho, nukathira m'Zambezi pafupi ndi Chirundu. Cotero inu a ku migodi muli kumtunda kwa madzi amene anzanu a pa Kafue atunga.

Masiku amenewo zinyalala zinalipo, koma sizinali kukhalitsa. Mai popita kukagula nsomba ananyamula dengu kapena nsengwa. Madzi anakhala mu mtsuko, mowa m'cipanda. Kanthu kakang'ono anakakulunga m'tsamba. Zonsezi zikatha nchito zinapita kudzala, ndipo ciswe ndi mvula zinatsiriza zotsala. Tisanene kuti makolo athu anali aukhondo koposa ife. Anataya monga titaya ife, koma cimene anataya cinabvunda. Ngakhale katundu wa m'sitolo ya Mmwenye analibe cotsala ceni-ceni. Citini ca parafini cinasanduka cotungira madzi ndi coyesera cimanga, kacitini kakang'ono kanasanduka koloboyi, thumba la nsaru la ufa linasokedwa malaya a mwana, ndi pepala la nyuzi linakulunga mcere lisanakolezere moto.

Koma tiyeni tikhalitse pa botolo la galasi, pakuti mutu wa nkhani uli pamenepo. Munthu pogula cakumwa cozizira kapena mowa wa m'botolo analipira ndalama ziwiri: ya cakumwa ndi ya cikole, cimene ambiri acichula dipoziti. Cakumwa cinali cace, koma botolo anangobwereka. Akalibweza kwa mwini sitolo analandira cikole cace. Mwini sitolo analiika m'kreti, galimoto ya kampani pobwera ndi katundu watsopano inatenga makreti opanda kanthu, ndipo ku fakitale analitsuka nalidzazanso. Botolo limodzi linayenda ulendo wotere kawiri-kawiri lisanasweke. Ngati wakumwa anali waulesi nalitaya pa mseu, mwana wina analitola msanga, cifukwa linali ndalama yogona pansi. Panalibe mfumu kapena kapitao wa Boma wouza anawo kuti ayeretse mudzi. Mwini fakitale ndiye analipira galimoto yobwerera, madzi otsukira ndi anthu otsuka, ndipo sanadandaule, pakuti botolo linali cuma cace.

Inu a pansi pa mgodi mudziwa bwino macitidwe awa. Nyali ya pa cisoti iri ndi nambala. Muitenga polowa, muibweza poturuka, ndipo ikasowa, woyang'anira nyumba ya nyali adziwa nthawi yomweyo amene ayenera kuyankha. Ndani anaonapo nyali za mgodi ziri mbwee m'ngalande?

Dziko litalandira ufulu pa 1964, Boma linasankha Kafue kuti ikhale tauni ya mafakitale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 bungwe la INDECO linamangapo fakitale ya nsaru, Kafue Textiles, ndi nyumba zatsopano za Kafue Estates; pa 1970 inatseguka fakitale ya fetereza ya Nitrogen Chemicals. Panalinso fakitale yofufuta zikopa ndi yina ya yisiti. Pafupi pomwepo anaika makina a Iolanda opopa madzi a mtsinje kunka ku Lusaka, mtunda wa makilomita monga 45, ndi kumunsi ku phompho anachinga madzi kuti apange magetsi. Anthu anadza kucokera ku mbali zonse za dziko kudzafuna nchito. M'zaka zimenezo ku Kapiri Mposhi kunali fakitale ya Kapiri Glass, youmba mabotolo a dziko lino. Akuru mukumbukira kuti m'zaka za m'ma 1980 munthu wopanda botolo lobweza sanagulitsidwe cakumwa, angakhale anali ndi ndalama m'manja. Zinali zaka za njala ya katundu ndi mizere yaitali pa sitolo, ndipo palibe wanzeru azilakalaka. Koma m'ngalande za Kafue munalibe botolo.

Pamene ife tinali kusunga mabotolo, kutsidya kwa nyanja kunali kukonzeka cinthu cina. Pa 1933 akatswiri a kampani ya ICI ku Northwich, ku Mangalande, anapeza mwangozi pulasitiki wa mtundu wa polythene. Pa 1965 kampani ya ku Sweden, Celloplast, inalembetsa kathumba kopepuka ka zogwirira ziwiri kamene anakonza Sten Gustaf Thulin. Pa 1973 Nathaniel Wyeth wa kampani ya DuPont ku America analembetsa botolo la pulasitiki lokhoza kusunga cakumwa ca mpweya osaphulika. Eni mafakitale anazikonda zinthuzi, ndipo tiyenera kumvetsa cifukwa cace. Ziri zopepuka ndipo sizisweka, izi nzoona. Koma phindu lalikuru linali lakuti ulendo wobwerera unafa. Galimoto yotola makreti, nyumba yosungira, makina otsukira, anthu owerenga cikole, zonsezi zinacoka m'buku la ndalama la kampani. Nchito yosamala cotengera sinathe ai, inangosamuka. Inacoka pa mwini fakitale nigwera Khonsolo ya tauni, mai wa tsace, ndi mtsinje.

Nkhondo ya mau pa nkhaniyi inayamba kale, pulasitiki asanacuruke. Pa 1953 cigawo ca Vermont ku America cinaletsa kugulitsa mowa m'mabotolo osabweza, cifukwa alimi anadandaula kuti magalasi osweka alowa m'udzu wa ng'ombe zao. Caka comweco makampani opanga zitini ndi mabotolo, pamodzi ndi ena, anayambitsa bungwe lochedwa Keep America Beautiful, limene linaphunzitsa anthu kuti wocimwa ndiye munthu wotaya cinyalala pa njira. Lamulo la Vermont linatha mphamvu patapita zaka 4, koma ciphunzitso cija cinakhala, nicifalikira maiko ambiri. Si bodza kuti kutaya cinyalala pa njira nkoipa. Koma taonani kucenjera kwace: maso onse anatembenukira kwa wakumwa, ndipo amene anaganiza zopanga cotengera ca ulendo umodzi anaima pambali, alikupukusa mutu pamodzi ndi ife.

Kuno kwathu pulasitiki anasefukira pambuyo pa 1991, pamene Boma latsopano linatsegula malire kwa katundu wa kunja ndi kuyamba kugulitsa makampani a Boma. Pa 1995 sitolo yaikuru ya Shoprite inatseguka pa Cairo Road mu Lusaka, ndipo anthu anazolowera kulandira kathumba kaulere pa kanthu kali konse. Fakitale ya Kapiri Glass inatseka zaka za m'ma 1990 zisanathe. Pa Kafue zakazo zinali zowawa. Nsaru za kunja ndi salaula zinafoola fakitale ya nsaru, fetereza wa kunja anafoola ya fetereza, ndi amuna ambiri anacotsedwa nchito. Pa 1996 nyumba za makhonsolo zinagulitsidwa kwa okhalamo pa mtengo wochipa. Okhalamo anakondwa, koma makhonsolo anataya ndalama za lendi zimene zinali kuthandiza kuyendetsa magalimoto a zinyalala. Cotero mlendo ameneyu anafika pa nthawi imene mwini mudzi analibe mphamvu m'manja.

Umphawi nao unathandiza. Munthu wopanda ndalama ya thumba lathunthu la ufa agula pamela, kaufa ka tsiku limodzi m'kapulasitiki. Mafuta ophikira, shuga, mcere, sopo wa ufa, ngakhale madzi akumwa, zonse zinagawidwa m'timapaketi tating'ono. Banja losauka ligula kasanu pa tsiku, ndipo kasanu konseko lilandira cotengera cosabvunda. Nanga tingaliimbe mlandu bwanji, pamene wogulitsa salipatsa njira yina?

Tsono tsatani botolo limodzi pa Kafue. Mseu waukuru wocokera ku Chirundu ndi ku Livingstone upyola pakati pa tauni ponka ku Lusaka. Mabasi aima, amalonda apereka maheu, madzi ndi zozizira pa mazenera, ndipo basi isanafike patali botolo laturuka kale pa zenera lina. Ligona m'ngalande miyezi ya cirimwe pamodzi ndi anzace. Mvula yoyamba ya November ikagwa, madzi otsika m'mapiri azikokolola zonse nazipanikiza pa kamwa pa mipope ya pansi pa mseu. Ngalande itsekeka, madzi abwerera m'makomboni, nasefukira m'zimbudzi ndi m'zitsime zosazama. Zimene zapulumuka zitsikira ku mtsinje, nizikodwa m'namasupuni, udzu uja woyandama umene unabvuta Kafue kwambiri m'zaka za m'ma 1990. Zotsala pamtunda nazo ziri ndi nchito yace. Mbuzi ndi ng'ombe zitafuna timatumba tokoma mcere, ndipo opha nyama apeza mtolo wa mapulasitiki m'cifu. Amai ena akolezera mbaula ndi pulasitiki pakuti agwira moto msanga, ana ali pompo kupuma utsi wace. Ndi botolo lodulidwa losunga madzi a mvula likhala nyumba ya udzudzu.

Koma pa Kafue pomwepo panacitika cinthu cimene tiyenera kuciyang'anitsa. Ca m'ma 2008 inayamba nchito fakitale ya kampani ya Universal Mining and Chemical Industries, yosungunula zitsulo zakutha ndi kupanga nazo zitsulo zomangira nyumba. Kuyambira pamene citsulo cakutha cinapeza wogula, mitembo ya magalimoto, makasu othyoka ndi migolo yobooka zinayamba kusowa m'thengo ndi m'makomboni. Anyamata ayenda ndi wilibala ndi matumba, osatumidwa ndi munthu. Inde, mtengo wa zitsulo unabala ndi akuba omwe, ozula zibvundikiro za ngalande ndi zitsulo za njanji, ndipo apolisi adziwa nkhani zace m'dziko lonse. Koma ngakhale kuba kumeneko kucitira umboni mau athu. M'mudzi umodzi, mwa anthu amodzi-modzi, citsulo citoledwa ndi pulasitiki atsala. Kodi tidzati anthu a pa Kafue ali auve pa pulasitiki ndi aukhondo pa citsulo? Iai. Cimodzi ciri ndi mtengo ndi wocilandira, cinzace ciribe.

Boma linayamba ndi njira ya tsace. Pa 2007 Mtsogoleri wa dziko, Bambo Levy Mwanawasa, anayambitsa nchito yoyeretsa matauni imene ambiri aidziwa ndi dzina la Keep Zambia Clean. Mu October 2017 kolera inabuka mu Lusaka. Pofika May 2018 anthu oposa 5,000 anali atadwala ndi oposa 100 atafa. Asilikari anaturuka kukayeretsa misika ndi kutsegula ngalande, amalonda a m'miseu anapitikitsidwa, ndipo pa 2018 Bambo Edgar Lungu anaidzutsanso nchito ija. Kolera siicokera m'pulasitiki. Icokera m'madzi odetsedwa ndi zonyansa za anthu. Koma ngalande yotsekeka ndiyo itengera madzi otere pa khomo. Matendawa anabweranso pa 2023 ndi 2024, napha anthu oposa 700, kotero kuti bwalo la mpira la Heroes linasanduka cipatala. Kusesa nkwabwino, ndipo tilemekeza onse amene anagwira tsace ndi fosholo. Koma munthu wokapa madzi m'nyumba mpope uli wotseguka adzatopa iye, mpope osatopa.

Kamodzi Boma linapita ku mpope weni-weniwo. Mukumbukira tujilijili, mowa waukali uja wa m'timapaketi ta pulasitiki. Mu April 2012 Nduna, Mai Nkandu Luo, analetsa kuupanga ndi kuugulitsa. Cifukwa cace cinali kuledzera kwa anyamata, osati zinyalala. Koma onani kumene anagogoda. Sanayende kugwira wakumwa mmodzi-mmodzi. Analanda ziphaso za opanga, ndipo timapaketi tija tinacepa m'miseu. Pambuyo pace mowawo unabwerera m'timabotolo ta pulasitiki, pakuti lamulo linanena za mowa ndi paketi, osanena za mwini cotengera.

Mwambo wakuti woononga alipire si wacilendo kwa inu a ku migodi. Mu November 2006 madzi a ululu ocokera ku Konkola Copper Mines analowa m'Kafue pa Chingola. Anthu pafupi-fupi 2,000 anasuma, pa 2011 Bwalo Lalikuru la ku Lusaka linapeza kampani yolakwa, ndi pa 2015 Bwalo Lopambana linabvomereza kulakwako. Pa 2019 bwalo lalikuru koposa la ku London linalola anthu 1,826 a m'midzi ya pafupi ndi Chingola kuti asumire kampani ya Vedanta, mwini mgodiwo, ku Mangalande komweko. Ndipo pa 18 February 2025, pamene dziwe la zotsala za mgodi la Sino-Metals linagumuka ku Chambishi, madzi a asidi nalowa m'Mwambashi ndi m'Kafue, nsomba kufa ndi mipope ya Kitwe kutsekedwa, panalibe munthu anatuma asodzi kuti akasese mtsinje. Onse anayang'ana kwa mwini dziwe. Bvuto la pulasitiki ndi lakuti saturuka pa malo amodzi. Aturuka m'manja zikwi-zikwi, pang'ono-pang'ono. Koma tolani botolo liri lonse m'ngalande, mudzapeza dzina la mwini wace litalembedwa pamimba ndi malemba akuru okongola. Nyali imeneyi nayo iri ndi nambala yace.

Maganizo obwezera cotengera kwa mwini anapatsidwa dzina pa 1990 ndi Thomas Lindhqvist wa ku Sweden, m'kalata imene analembera Boma la kwao. Mwacidule, udindo wa wopanga usathere pa cipata ca fakitale, koma utsate katundu kufikira atatha nchito. Dziko la Germany linauika m'lamulo pa 1991: wopanga ndi wogulitsa atengenso zokulungira zao, kapena alipire bungwe lowatolera, ndipo malipirowo akule monga mwa kulemera ndi mtundu wa cokulungira. Apa pagona nzeru yace. Kampani ikalipira pa kilo iri yonse ya pulasitiki, iyamba yokha kufuna njira yocepetsa, popanda wapolisi kuima pa khomo. Pa 2003 anaonjeza cikole pa mabotolo a pulasitiki ndi zitini za zakumwa, ndipo oposa 9 mwa 10 ali onse abwerera. Azungu sanapeze cinthu catsopano pamenepa; anabwerera ku macitidwe a sitolo ya pa Kafue ya masiku a tiki ndi sikisi.

Zambia nayo iri nalo lamulo lotere, ngakhale ambiri salidziwa. Lamulo la zacilengedwe la 2011, limene linakhazikitsa bungwe la ZEMA m'malo mwa Environmental Council of Zambia, linachula kale udindo wa wopanga. Mu August 2018 kunaturuka Statutory Instrument No. 65, ndipo Boma linapatsa amalonda nthawi yokonzeka kufikira February 2019. Liri ndi mbali ziwiri. Yoyamba iletsa kupanga, kugulitsa ndi kugawa timatumba topyapyala tosafika mamaikroni 30. Maikroni ndi muyeso waung'ono ndithu: 1,000 apanga milimita imodzi, ndipo kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu kupambana mamaikroni 30. Kathumba kotere kang'ambika tsiku lomwelo, ndipo otola sakafuna pakuti sikalemera pa sikelo. Mbali yaciwiri ndiyo yaikuru: opanga ndi oitanitsa zotengera monga mabotolo osabweza, makatoni ndi zitini za zakumwa alembetse ku ZEMA ndi kuonetsa njira imene adzasamalira nayo zotsala za katundu wao.

Mbali yoyamba inamveka msanga, cifukwa inakhudza thumba la wogula. Masitolo akuru anayamba kugulitsa matumba okhuthala m'malo mogawa mwaulere, ndipo caka comweco ca 2019 msonkho wa matumba a pulasitiki unakwera kufika pa 30 peresenti. Koma m'misika ndi pa tuntemba timatumba topyapyala sitinathe, ndipo ndalama ya msonkho ilowa m'thumba lalikuru la Boma ku Lusaka. Siibwera ndi dzina la ngalande ya ku Shikoswe kapena ya ku Zambia Compound. Mbali yaciwiri inayenda mwakacetecete. Munthu wa pa Kafue akatenga botolo la pulasitiki kunka nalo ku sitolo imene analigula, abwerako nalo m'manja wopanda ndi ngwee yomwe.

Anzathu a ku Malawi anaona kuti eni mafakitale sagonja msanga. Pa 2015 Boma la kumeneko linaletsa mapulasitiki osafika mamaikroni 60. Makampani anathamangira ku bwalo la milandu naimitsa lamulolo, ndipo panapita zaka kufikira July 2019, pamene Bwalo Lopambana la ku Blantyre linati ciletso cikhale. Mmodzi wa olimbikira nkhondoyo, Mai Gloria Majiga-Kamoto, amene anailowa ataona mbuzi za alimi zirikufa ndi mapulasitiki m'mimba, analandira mphotho ya Goldman pa 2021. Ngakhale pambuyo pace makampani ena anabwereranso ku bwalo.

Tisabise zabwino zimene ena acita. Pa 2015 kampani ya Zambian Breweries inayambitsa mu Lusaka nchito yochedwa Manja Pamodzi, yogula mabotolo a pulasitiki ndi makatoni a Chibuku kwa otola a m'makomboni monga Chawama, ambiri a iwo amai, ndi kuzipereka kwa osungunula. Mabanja anapeza ndiwo ndi ndalama za sukulu mwa njira iyi. Koma nchito ya cifundo ca kampani ifika kumene kampani yafuna, ndipo ena opanga zakumwa angathe kukhala pambali osaturutsa kanthu. Ndiponso wotola alipidwa pa sikelo, ndipo kuti kilo imodzi ikwane afunika mabotolo ang'ono 40 kapena kuposa. Ndiko kuwerama ka 40 m'matope. Cikole ciri pa botolo limodzi-limodzi, ndipo cilibweza lisanagwe pansi. Ku South Africa makampani anayamba okha pa 2004 ndi bungwe la PETCO, koma pa 2021 Boma linakakamiza onse ndi lamulo.

Eni mafakitale ali ndi yankho lao, ndipo tiyenera kulimva. Ati mukatisenzetsa katunduyu mtengo wa cakumwa udzakwera, ndipo wosauka ndiye adzalira. Atinso mafakitale a pulasitiki alemba anthu nchito. Za nchito nzoona, ndipo pa Kafue palibe munthu aseka nayo nkhani ya fakitale yotseka. Koma kutola, kutsuka ndi kudzazanso nayonso ndi nchito, ndipo siingacitikire ku dziko lina. Za mtengo, wosauka alipira kale: alipira ndi mbuzi yace, ndi nyumba yolowa madzi, ndi tsiku la ku cipatala. Cikole si msonkho ai, pakuti cibwerera kwa wobweza. Akuru anati walira mvula walira matope; amene alira phindu la cakumwa alandire ndi botolo lomwe. Ndipo tisamveke monga adani a pulasitiki yense. Ndowa ndi mpope wa madzi zitumikira zaka zambiri, jekeseni wa ku cipatala apulumutsa moyo. Mlandu wathu uli ndi cinthu cimene cigwira nchito mphindi 10 ndi kukhala m'nthaka mpaka zidzukulu.

Ena ati kusungunula kudzatha zonse. Ophunzira a ku America anawerenga pa 2017 kuti kufikira 2015 dziko lapansi linali litapanga matani 8,300 miliyoni a pulasitiki, ndi kuti mwa amene anatayidwa, magawo 9 okha mwa 100 anasungunulidwa. Cifukwa cace ena alankhula tsopano za mudzi wopanda zinyalala konse. Kamudzi ka m'mapiri ka Kamikatsu ku Japan kanalonjeza zimenezi pa 2003. Anthu ace anyamula okha zinyalala zao kunka nazo pa malo amodzi, nazipatula m'mitundu yambiri, ndi zakudya zotsala azisandutsa manyowa pa khomo. Anafika pa magawo monga 80 mwa 100, naima pamenepo. Zotsalazo ndi zinthu zimene zinapangidwa mosakanikirana kotero kuti palibe dzanja lingazilekanitse, ndipo wokhoza kuzisintha ndi mwini fakitale yekha. Pa Kafue gawo lalikuru la zotayidwa m'nyumba ndi m'misika ndi makoko, masamba ndi phulusa, zimene alimi a ndiwo a m'mbali mwa mtsinje akadazilandira ndi manja awiri zikadapanda kusakanizika ndi pulasitiki.

Maiko nao anayesa. Mu March 2022 maiko 175 anagwirizana ku Nairobi kuti alembe pangano limodzi la pulasitiki. Anakomana ku Busan mu December 2024 ndi ku Geneva mu August 2025, nabalalika osamvana, makamaka cifukwa maiko ogulitsa mafuta a pansi, amene pulasitiki apangidwa nao, anakana kuti kupangako kucepetsedwe.

Cotero cimene anthu a pa Kafue ali naco m'manja ndi lamulo lija la 2018. Khansala wa dera lanu, mtsogoleri wa msika kapena nthumwi ya bungwe la anchito angathe kulembera ZEMA ndi kufunsa: makampani amene analembetsa ndi ati, anatola matani angati m'boma la Kafue caka catha, ndipo malo olandirira mabotolo ali kuti pakati pa ulalo ndi Shimabala? Wina akayankha kuti kubweza zotengera sikungatheke m'dziko losauka, mumuimike pa mseu waukuru ayang'ane galimoto ya mowa. Mabotolo a galasi a Mosi akali obweza, ndipo makreti ace opanda kanthu akwera mseu womwewo kubwerera ku Lusaka kukatsukidwa.